ZA M'BANJA MWATHU: Potsika M'sitima, Tikadyera Kuti Masana?

Nkhani ya mwezi uno taitenga m'kalata imene tinalandira kucokera kwa amai ena a m'parishi ina ya mu Lusaka. Ana ao awiri amene amagwira nchito ku Johannesburg asonkherana ndalama kuti makolo ao, pokumbukira zaka 40 za ukwati wao woyera, akakwere sitima ya pamadzi ku Durban ndi kukhala masiku anai pa nyanja ya mcere. Gulu lonse lidzakhala la anthu 8, kuyambira kwa agogo kufikira kamdzukulu ka zaka 6. Sitima idzakoceza padoko m'mawa, ndege yao idzanyamuka madzulo, ndipo maola a pakatiwo adzukulu awalanda kale: afuna kukaona nsomba ku uShaka Marine World. Tsono amaiwo akufunsa kuti, "Kodi masana a tsikulo tikadyere kuti? Mwana wathu wamkulu akuti tikadyere m'kati mwa malowo, mng'ono wake akuti tikalowe m'tauni, ndipo ulendo usanayambe n'komwe, mau ayamba kale kukwera pa foni."

Tidziwa kuti ena mwa inu, powerenga izi, mwapukusa kale mutu. M'miphakati yathu muli mabanja amene amadya kamodzi pa tsiku, ndipo kwa iwo funso la kumene munthu angadyere atatsika m'sitima ya zisangalalo lingamveke ngati mwano. Sitikukana zimenezo. Komabe tasankha kuliyankha, pakuti cimene cili kuseri kwa funsoli si ca ku Durban kokha. Aliyense amene anatengapo banja lake kupita ku cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda mu Lusaka, kapena kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya ku Livingstone, adziwa kuti ulendo umayenda bwino kufikira ola limene mimba zayamba kulira. Pa ola limenelo ndi pamene zimaonekera poyera kuti ndani ali ndi ndalama, ndani alibe, ndani amamveredwa m'banjamo, ndiponso ndani amangokhala cete ndi kutsatira.

Tiyambe ndi kufotokoza malowo kwa amene sanafikeko. Doko la Durban ndi limodzi mwa madoko otanganidwa koposa mu Africa. Sitima za alendo zimakoceza ku dera lochedwa Point, pa nyumba yolandirira apaulendo yochedwa Nelson Mandela Cruise Terminal, imene inayamba kugwira nchito kumapeto kwa caka ca 2021. M'nyengo yotentha, kuyambira ca mu Novembala kufikira ca mu Epulo, sitima za kampani ya MSC zimanyamuka pamenepo kulowera ku gombe la Mozambique, ku Portuguese Island pafupi ndi Maputo kapena ku Pomene m'cigawo ca Inhambane, ndi kubwerako patapita masiku atatu kapena anai.

Kucokera padokopo kufika ku uShaka Marine World si patali. Munthu wa miyendo yolimba wopanda katundu angathe kuyenda pansi. Malowa anatsegulidwa mu Epulo 2004, ndipo anawacha dzina la Shaka, mfumu ya Azulu. Abale athu a ku Chipata dzinali si lacilendo kwa iwo, popeza nkhondo za m'masiku a mfumu imeneyi ndizo zinathamangitsa Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo zidzukulu zao ndizo zimavina Nc'wala ku Mtenguleni caka ndi caka. M'kati mwa uShaka muli nyumba ya nsomba imene anaimanga mofanana ndi combo cakale cosweka: munthu amatsikira m'mimba mwake nayang'ana pa magalasi nsomba za mitundumitundu, akamba a m'nyanja ndi shaki. Muli zionetsero za ma dolphin, muli malo otsetsereka pa madzi ochedwa Wet 'n Wild, ndipo kunja kwa zipata za matikiti kuli mndandanda wa masitolo ndi malo odyera wochedwa Village Walk.

Koma tisanalowe pa cipata, tiyeni tibwerere pang'ono m'sitima, pakuti vuto la masanawo limabadwira m'menemo. Pa maulendo otere mtengo wa cakudya umakhala m'tikiti. Munthu amadzuka napeza matebulo atadzaza, masana cimodzimodzi, madzulo amakhala pansi nampatsa mbale zitatu kapena zinai motsatizana, ndipo ngakhale usiku wofuna amapezabe kanthu kotafuna. Palibe amene amapisa dzanja m'thumba. Pa zakumwa ndi zina zapadera munthu amangoonetsa kakhadi ka cipinda cake, ndipo ngongole imalembedwa mwakacetecete kwina kwake. Kwa mwana wa zaka 6, masiku anai ndi okwanira kuphunzira kuti cakudya cimangogwa cokha monga mvula, ndi kuti mbale imene wailawa kamodzi naikana angathe kuisiya ndi kukatenga ina. Ngakhale akulu amene anaona njala ya 1992 ndi maso ao amaiwala msanga pa tebulo lotere.

Usiku wotsiriza ndi pamene ngongole ija imatulukira: zakumwa, zithunzi ndi zina zapadera. Amene amaiona ndi amene analembetsa khadi lake la ku banki, ndiye kuti mwana uja wa ku Johannesburg, ndipo iye sauza munthu, amangomeza malovu. M'mawa mwake onse amatulutsidwa m'zipinda molawirira, popeza tsiku lomwelo sitima iyenera kukonzedwa kuti ilandire alendo ena, ndipo dzuwa lisanafike pamutu banja limapezeka pa mtunda ndi masutukesi ake, nthaka ikuoneka ngati ikugwedezekabe pansi pa mapazi. Motero cakudya ca masana a tsikulo ndico coyamba pa ulendo wonse cimene mtengo wake udzawerengedwa poyera, pa tebulo, aliyense akuona. Ndipo cimafika pa nthawi imene thumba la wolipira lauma kale.

Pali munthu winanso pa tebulopo amene ana saganiza za iye kawirikawiri, ndiye atate. Munthu amene kwa zaka 40 wakhala akudyetsa nyumba yake, amene analipira sukulu ya ana omwewa ndi malipiro ocepa a m'boma kapena ndi matumba a cimanga, wakhala masiku anai monga mlendo wa ana ake. Wakondwa, inde, ndipo ayenera kukondwa, pakuti ana otere asunga lamulo lacinai la Mulungu mwa nchito zao. Koma tikuuzeni cimene amuna ambiri okalamba sadzanena ndi pakamwa pao: kulandira kokhakokha kumalemetsa mtima. Asananyamuke ku Lusaka, atate otere amakhala atasinthitsa timakwacha tao kukhala ma rand, natipinda bwino m'thumba la jekete, ndipo kwa masiku onsewo sapeza pozigwiritsira nchito. Akayesa kutulutsa, mwana amati, "Ai atate, bwezani, zonse n'zolipira kale." Mau abwino, koma akanenedwa kakhumi amayamba kumveka ngati akuti nthawi yanu inatha.

Cotero yankho lathu kwa amai a kalata ija ndi ili: sankhani malo amene bilu yake inu ndi amuna anu mungathe kulipira nokha popanda kucita manyazi, ndipo anawo akuloleni kulipira. Cakudya cimeneco cikhale ca makolo. Kukongola kwa malo, kuchuka kwa dzina, ngakhale kulira kwa adzukulu, zonsezo zibwere pambuyo.

Tikayesa ndi muyeso umenewu, kudyera m'kati mwa malo a zisangalalo kumagwa msanga. Sitikunena kuti ogulitsa a m'menemo ndi akuba. Acita malonda monga wina aliyense, ndipo lendi ya malo otere ndi yokwera. Koma kulikonse pa dziko lapansi, kaya ndi ku Orlando, kaya ku Paris, kaya ku Durban, mwini malo otere adziwa cinthu cimodzi: banja limene lalipira tikiti, limene ana ake anyowa ndi madzi ndipo njala yawagwira, silidzafuna kutuluka pa cipata kukafunafuna cakudya kwina. Wogula amene alibe kothawira sanenerera mtengo. Cakudyaco nthawi zambiri cimakhala ca msangamsanga, machipisi, nkhuku yokazinga ndi zakumwa zozizira, ndipo mzere umatalika pa ola lomwelo limene aliyense wamva njala. Mbale imodzi siioneka yoopsa. Werengani mbale 8, muonjeze zakumwa 8, muonjezenso ayisikilimu wa adzukulu amene palibe agogo angathe kuwakaniza, ndipo mudzaona ma rand a m'jekete aja akutha bilu isanathe.

Pali ciyeso cina cokongola koposa. M'combo cija ca nsomba anakonzamo malo odyera amene khoma lake lina ndi galasi, kotero kuti wodya amayang'anana ndi shaki maso ndi maso. Ana akaona cithunzi cake pa foni, kukambirana kwatha. Ife tikuti shaki yemweyo adzamuona ndi tikiti yao, m'mawa, ali okhuta, kwa nthawi yonse imene afuna. Kulipira kaciwiri kuti amuone ali ndi foloko m'manja n'koyenera mnyamata amene watenga bwenzi lake kukamfunsira ukwati, pakuti pamenepo mbale ndi ziwiri zokha ndipo mtima suwerenga ndalama. Kwa anthu 8 odalira penshoni ya mkulu mmodzi, ndi msampha.

Village Walk ndiyo njira ya pakati. Munthu amalowamo popanda tikiti, pali mthunzi, mipando ndi zimbudzi, ndipo mitengo yake siisiyana kwambiri ndi ya m'masitolo akuluakulu a m'mizinda. Tilibe mlandu ndi malowa, ndipo tidzabwererako m'munsimu. Cokhaco cimene cimatidandaulitsa n'cakuti zambiri zimene zimagulitsidwa m'malo otere munthu angazipeze ku Manda Hill kapena mu Cairo Road. Kuoloka Zambezi ndi Limpopo, kugona pa nyanja masiku anai, kenaka n'kukadya nkhuku yomweyo ya ku Lusaka, kwa ife kuoneka ngati kutaya mwai.

Mng'ono uja amene akuti alowe m'tauni ndiye ali pafupi ndi maganizo athu. Makilomita ocepa kucokera ku Point, mphindi zowerengeka pa galimoto, kuli dera lakale la Amwenye, mozungulira mseu umene kale unkachedwa Grey Street ndipo lero uchedwa Dr Yusuf Dadoo Street, pafupi ndi msika wa Victoria Street. Kumeneko ndiko kwao kwa cakudya cimene Durban imadziwika naco, cochedwa bunny chow. Amene adziwa Cingerezi dzinali lisawasokoneze, mulibe kalulu m'menemo. Amatenga buledi woyera wosadula, naudula pakati kapena panai, nakumba m'kati mwake ngati mtondo, nathiramo ndiwo za curry: nyemba, nyama ya nkhosa kapena nkhuku. Cinkhupule ca buledi cimene anakumbaco amaciika pamwamba, ndipo pambali pamakhala kaloti wopala wosakaniza ndi tsabola. Supuni ndi foloko sizifunika. Munthu amasamba m'manja, nayamba kunyema khoma la buledi kucokera pamwamba ndi kusunsa m'msuzi, monga momwe timacitira ndi mbamu ya nsima. Kagawo kacinai ka buledi kamakhutitsa munthu wamkulu, ndipo mtengo wake umacepa kutali poyerekeza ndi mbale ya m'malo odyera a alendo.

Cakudya cimeneci cili ndi mbiri imene adzukulu ayenera kuimva ali ndi msuzi m'zala. Amwenye oyamba obwera kudzagwira nchito m'minda ya nzimbe ya ku Natal anafika pa doko lomweli pa 16 Novembala 1860, m'sitima yochedwa Truro, ndipo pofika mu 1911, pamene dongosololi linaletsedwa, anali atabwera oposa 150,000. Iwonso anatsika m'sitima nafunafuna kokadyera, koma osati monga alendo okaceza. Za ciyambi ca bunny chow anthu a ku Durban amasimba mosiyana. Ena amati anchito ankanyamulira ndiwo zao m'buledi popita ku nchito. Ena amati eni malo odyera a mu Grey Street ankagulitsira anthu akuda pa zenera, popeza malamulo a tsankho sankawalola kukhala pansi m'kati, ndipo buledi anakhala mbale imene wogula sanayenere kubweza. Nkhani zonse ziwiri zigwirizana pa mfundo imodzi, kuti cinali cakudya ca anthu amene analibe tebulo.

Ana obadwa masiku ano saidziwa nkhani imeneyi. Lamulo la mu 1953 lochedwa Reservation of Separate Amenities Act linalekanitsa anthu pa mabenchi, m'zimbudzi, m'mabasi ndi pa magombe a nyanja, ndipo linafafanizidwa mu 1990. Magombe abwino a Durban anali ndi zikwangwani zowasungira azungu okha kufikira mu 1989. Werengani zaka: pamene makolo a m'kalata yathu anaima pa guwa kumangitsa ukwati wao, zaka 40 zapitazo, mcenga umene adzukulu ao adzathamangapo unali woletsedwa kwa iwo. M'masiku amenewo likulu la ANC linali mu Lusaka momwemo, ndipo anthu a mu mzindawo anakhala ndi mantha a mabomba cifukwa ca alendo aowo. Atate amene anaona zimenezo ali ndi cofotokoza pa tebulo limeneli cimene ana ao ophunzira alibe.

Pafupi pomwepo, pongoyenda pansi, pali Emmanuel Cathedral, chalichi ca njerwa zofiira cimene cinamangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo cinayandikana ndi mzikiti waukulu wa Juma. M'menemo ndimo munaikidwa thupi la Ambuye Arkiepiskopi Denis Hurley, wa cipani ca Oblates of Mary Immaculate. Iwo anabadwa mu 1915, mwana wa mlonda wa nyali younikira sitima pa gombe, ndipo anadzozedwa uepiskopi mu 1947 ali ndi zaka 31 zokha. Anatsogolera Mpingo wa ku Durban kufikira mu 1992, anakhala nao pa Msonkhano Waciwiri wa Vatican, ndipo anadzudzula tsankho mosabisa mau, kotero kuti mu 1984 boma linawaimba mlandu cifukwa ca zimene ananena za nkhanza za apolisi ku Namibia. Mlanduwo unacotsedwa mu 1985. Atapuma pa udindo sanapite kukakhala kwina kwa phee, koma anatumikira monga bambo mfumu wa parishi yomweyo ya m'kati mwa tauni. Anamwalira mu Febuluwale 2004, miyezi iwiri uShaka isanatsegulidwe.

Pambali pa chalichico pali Denis Hurley Centre, imene inatsegulidwa mwalamulo mu 2015 pokumbukira zaka 100 za kubadwa kwao. Kumeneko anthu osowa pogona amalandira cakudya ndi cithandizo ca mankhwala, othawa kwao amathandizidwa, ndipo Akhristu a mipingo yosiyanasiyana, Asilamu ndi Ahindu amagwira nchito pamodzi. Sitikunena kuti mutengere ana kumeneko kukaonerera amphawi monga momwe anaonerera nsomba m'mawa. Cimeneco cingakhale cipongwe. Tikunena kuti mwana amene dzulo lake anasiya mbale yodzaza m'sitima akadutsa pa khomo limenelo adzafunsa yekha funso, ndipo wamkulu amene ali naye pafupi ayankhe zoona. Banja lilowe m'chalichi, ligwade mphindi zisanu kuthokoza cifukwa ca zaka 40 ndi cifukwa ca kubwerako bwino pa nyanja, ndipo ngati patsala ma rand, bokosi la zopereka lilipo.

Pamene tinali kulingalira za kalatayi, tinakumbukira mutu 21 wa Mthenga Wabwino wa Yohane, umene usimba za cakudya ca anthu otsika m'ngalawa. Ophunzira anagwira nchito usiku wonse pa nyanja ya Tiberiasi, ndipo pofika pa mtunda anapeza moto wa makala, nsomba ndi buledi zili zokonzeka. Cimene ambiri timacilumpha powerenga n'cakuti Ambuye, ngakhale anali atakonza kale zonse, anawauza kuti abweretseko nsomba zimene iwo eni anagwira, ndipo Petulo anakokera pa mtunda khoka la nsomba 153. Wodyetsa weniweni anasiya malo kuti odyetsedwa aikepo dzanja lao. Ana a ku Johannesburg aja aiwerenge nkhaniyi asananyamuke.

Popeza nyengo ya sitima imafika mu Epulo, maulendo ambiri amagwa m'nyengo ya Lenti. Lamulo la Mpingo, m'makanoni 1251 ndi 1252, limatipempha kusala nyama pa Lacisanu, kuyambira pa msinkhu wa zaka 14, ndipo kukhala pa chuthi sikusandutsa Lacisanu kukhala Loweruka. Apa bunny chow ya nyemba ndiyo imathandiza: ilibe nyama, ndiyo yochipa koposa zonse, ndipo anthu a kumeneko saiyesa ya amphawi, pakuti ndiyo ya makolo. Mudziwenso kuti pa Lacisanu masana masitolo ambiri a Asilamu amatseka kwa kanthawi cifukwa ca mapemphero, motero fikani ola limenelo lisanakwane kapena litapita.

Nanga ambuya amene kwa masiku anai sanaone nsima, ndipo kwa iwo tsiku lopanda nsima ndi tsiku logona ndi njala? Asade nkhawa. Ku South Africa nsima amaicha pap, ndipo imapezeka m'malo ambiri ogulitsa nyama yooca kapena nkhuku. Azulu alinso ndi ina yoyoyoka yochedwa uphuthu, imene dzanja la ku Zambia limavutika kuiumba. Funsani pap yolimba. Ku Warwick Junction, kufupi ndi chalichi cija, kuli misika kumene azimai amaphika mitu ya ng'ombe m'mapoto akuluakulu ndi kugulitsa cimanga cophika, koma ndi malo a piringupiringu, oyenera munthu wopita ndi mwini mudzi. Gulu la alendo 8 lisayambire kumeneko.

Tsopano tinene zimene mwana wamkulu uja anganene, pakuti nayenso ali ndi mfundo. M'kati mwa tauni ya Durban, monga m'tauni iliyonse yaikulu, muli opisa m'matumba, ndipo mlendo wokoka sutukesi amaonekera patali. Kutentha kwa kumeneko ndi kwa cinyezi, kumene kumafooketsa munthu wozolowera mphepo ya pa mtunda wa Lusaka. Tsabola wa Amwenye a ku Durban sacita nthabwala, ndipo kamdzukulu ka zaka 6 kangathe kulira m'malo mwa kudya ngati simunapemphe ndiwo zosawawa. Wodwala shuga sangayembekeze cakudya kufikira 3 koloko cifukwa cakuti banja likufunafuna malo. Pa Sondo masitolo ambiri a m'tauni amakhala otseka. Zonsezi n'zoona. Mankhwala a zambiri mwa izo ndi kupangana ndi woyendetsa galimoto mmodzi wa tsiku lonse, mtengo wake utakambidwa kale, kuti katundu akhale m'galimoto ndipo okalamba atsikire pa khomo penipeni. Koma ngati miyendo ya agogo yatupa, kapena ndege yayandikira, musaumirire. Bunny chow imagulitsidwa m'madera onse a Durban, ngakhale m'mbali mwa nyanja, ndipo woyendetsa galimoto aliyense wa kumeneko ali ndi malo amene amawakhulupirira. Ngakhale pa Village Walk pomwepo, banja limene lawerenga mitengo pa khomo lisanakhale pansi lingapeze cimene atate angakwanitse.

Dongosolo la tsikulo, monga momwe ife tionera, likhale lotere. Idyani bwino cakudya ca m'mawa m'sitima, pakuti cimeneco munalipira kale. Koma musadzaze zikwama ndi mabanzi ndi zipatso za pa tebulo, popeza nthawi zambiri sikololedwa kutuluka nazo, ndipo si ulemu kwa mai wa bungwe la Anna Woyera kuimitsidwa pa cipata cifukwa ca maapulo. Pitani ku uShaka molawirira mizere isanatalike. Matikiti a nyumba ya nsomba ndi a malo otsetsereka pa madzi amagulitsidwa padera kapena pamodzi. Kwa banja la maola ocepa ndi ndege ya madzulo, ya nsomba yokha ikwanira, ndipo palibe amene adzakwera ndege ndi zovala zonyowa m'cikwama. Funsani pa cipata nthawi ya cionetsero ca ma dolphin, muione, ndipo cikatha tulukani njala isanakule. Banja limene latuluka lisanatope limasankha bwino kuposa limene latuluka ana akulira.

Nkhani ya wolipira isayembekeze bilu. Ikambidwe usiku wotsiriza m'sitima, ndipo woiyamba akhale amai, pakuti mau otere amatuluka bwino m'kamwa mwa mai kuposa mwa tate. Anene mofatsa kuti, "Ananu, mwatidyetsa masiku anai ndipo Mulungu akudalitseni. Mawa masana mudzadya kwa atate anu." Anawo asatsutse, ndipo asacite cizolowezi cija ca kuzemba pa tebulo ngati akupita kukasamba m'manja n'kukalipira mobisa. Amene amacita zimenezo amayesa kuti akucita ulemu, koma mkulu akaitanitsa bilu nauzidwa kuti yalipidwa kale, amakhala ngati wacotsedwa mpando pamaso pa apongozi ndi adzukulu. Cimene mwana ayenera kunena pa tsikulo ndi cimene ananena ali wamng'ono: "Zikomo atate, takhuta."

Pokhala pa tebulo, citani cizindikiro ca mtanda ndi kudalitsa cakudya monga kunyumba, ngakhale pa tebulo loyandikana pakhale Mhindu kapena Msilamu. Anthu a m'dera limenelo anazolowera kuona anzao akupemphera. Malemu Papa Francisko, m'kalata yao ya mu 2015 yochedwa Laudato Si', anapempha mabanja kuti abwerere ku mwambo umenewu wa kuthokoza asanadye ndi atatha kudya. Ngati pali wokutumikirani pa tebulo, mwambo wa ku South Africa ndi kuonjezera gawo limodzi mwa magawo 10 a bilu, ndipo atate aliwerengeretu gawo limenelo. Bwalo la ndege la King Shaka lili ku La Mercy, makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda, ndipo madzulo a masiku a nchito mseu umadzaza ndi anthu oweruka, motero nyamukani nthawi ikalipo. Malaya oyera ndi citenge ca cikondwerero zikhale m'sutukesi kufikira mutatha kudya, pakuti banga la curry silicoka ndi sopo wa tsiku limodzi.